Kugwira ntchito m'makampani a ku Japan: mafunso ndi mayankho kwa achinyamata a ku Mzuzu

Kodi munthu wa ku Mzuzu angakumane kuti ndi kampani ya ku Japan?

Katundu wa ku Japan ndi wodziwika kwambiri mumzinda wa Mzuzu kuposa makampani amene amamupanga, pakuti magalimoto ambiri amene amanyamula anthu kupita ku Katoto, Luwinga, Chibavi ndi Zolozolo, monga a Sienta ndi minibasi za Hiace, anagulidwa ku Japan atagwirako kale ntchito, n'kutsitsidwa pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe asanakwere mapiri a Chiweta pa msewu wa M1. Kampani ya Be Forward, imene imagulitsa magalimoto oterewa pa intaneti, inatchuka mpaka m'mabwalo a mpira pa zaka zimene inkathandiza timu ya Wanderers. Komabe makaniko amene amakonza Sienta m'galaja yake, kapena wamalonda amene amaitanitsa masipeya, sanalembedwe ntchito ndi kampani ya ku Japan, ngakhale kuti chakudya chake chimachokera ku katundu wa kumeneko.

Njira zimene Mmalawi angalembedwere ntchito ndi kampani yotere zilipo zitatu, ndipo n'zosiyana kwambiri moti kuziphatikiza ndiko kumasokoneza achinyamata ambiri. Yoyamba ndi ya makampani okhazikika m'Malawi muno amene eni ake ali ku Japan, monga kampani yogulitsa magalimoto a Toyota, imene ili ndi nthambi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ndipo ili pansi pa CFAO, kampani ya ku France imene Toyota Tsusho inagula mu 2012, komanso JTI Leaf Malawi, imene inayamba mu 2009 ndipo imagula fodya kwa alimi amene inachita nawo mgwirizano. Yachiwiri ndi ya ntchito zomangamanga zolipiridwa ndi JICA, bungwe la boma la Japan loona za chitukuko m'maiko ena, monga mlatho wa South Rukuru m'boma la Rumphi, kukuza bwalo la ndege la Kamuzu kumene kunatha mu 2019, ndi malo opangira magetsi a Tedzani IV amene Mitsubishi Corporation inatsogolera kumanga ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2021. Ntchito zimenezi zimatha chomangidwacho chikatha. Yachitatu ndi yopita ku Japan komweko, kumene Mmalawi amakakhala mlendo weniweni pakati pa eni dziko.

Chofunika kuchizindikira n'chakuti pa njira yoyamba wantchito akhoza kutha zaka zambiri osaonana ndi Mjapani, chifukwa likulu la JTI lili ku Geneva ndipo la CFAO lili pafupi ndi Paris, kotero kuti chimene chimafika ku Mzuzu kuchokera ku Japan si anthu kwenikweni koma kachitidwe ka ntchito, malamulo a chitetezo ndi maphunziro a amisiri.

N'chifukwa chiyani dziko la Japan likufuna antchito ochokera kunja?

Chiwerengero cha anthu a msinkhu wogwira ntchito ku Japan chinafika pachimake mu 1995 ndipo chakhala chikutsika kuyambira pamenepo, chifukwa ana akubadwa ochepa pamene okalamba akuchuluka, moti mafakitale, minda, nyumba zosamalira okalamba ndi makampani omanga akusowa manja. Mu Okutobala 2023 antchito akunja anapitirira 2 miliyoni kwa nthawi yoyamba, ndipo ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Vietnam, China, Philippines, Nepal ndi Indonesia, pamene a ku Africa ndi ochepa kwambiri. Kusowa kwa antchito sikunachititse kuti khomo litseguke kwa aliyense, pakuti munthu amaloledwa kugwira ntchito ya mtundu wokhawo umene chilolezo chake chikutchula.

Kodi wantchito wa ku Japan amalandira chiyani kuwonjezera pa malipiro a mwezi?

Lamulo la ntchito la Japan la mu 1947 limaletsa kusiyanitsa antchito pa malipiro, maola kapena zina zokhudza ntchito chifukwa cha dziko limene akuchokera, kotero zonse zotsatirazi mlendo ayenera kuzilandira mofanana ndi mwini dziko. Chachikulu ndi inshuwaransi ya boma imene amaitcha shakai hoken, imene imaphatikiza ya chipatala ndi ya penshoni, ndipo ndalama zake amazigawana pakati wolemba ntchito ndi wantchito. Wodwala amene ali pa inshuwaransiyi amalipira magawo 30 pa 100 aliwonse a bilu ya kuchipatala, inshuwaransi n'kulipira otsalawo, ndipo pali malire a ndalama zimene munthu angalipire pa mwezi umodzi kuti matenda aakulu asamusautse mpaka kugulitsa katundu. Ya penshoni ndi magawo 18.3 pa 100 aliwonse a malipiro, theka lochokera kwa kampani. Palinso inshuwaransi ya ngozi za pantchito, imene kampani imalipira yokha, ndi ya munthu amene ntchito yamuthera.

Makampani ambiri amabweza ndalama zoyendera kuchokera kunyumba kupita kuntchito, amayeza antchito m'thupi chaka ndi chaka monga lamulo likufunira, ndipo akuluakulu amapereka nyumba zotsika mtengo kwa ongoyamba kumene. Bonasi imabwera kawiri pa chaka, m'nyengo yotentha cha mu Juni kapena Julayi ndiponso mu Disembala, ndipo m'makampani aakulu ikhoza kufanana ndi malipiro a miyezi ingapo, ngakhale kuti lamulo silikakamiza kampani kuipereka pokhapokha italembedwa mu mgwirizano wa ntchito. Tchuthi cholipidwa chimayambira pa masiku 10 munthu akatha miyezi 6, n'kumakwera mpaka masiku 20 akatha zaka 6 ndi theka. Mayi woyembekezera amapuma masabata 6 asanachire ndi masabata 8 atachira, ndipo kholo, kaya ndi mayi kapena bambo, lingathe kutenga tchuthi cholerera mwana mpaka atakwanitsa chaka chimodzi likulandira gawo la malipiro ake.

Amene amawerengera malipirowo m'makwacha ayenera kusamala, chifukwa chiwerengero chimene chimalembedwa pa kalata yoitanira munthu ku ntchito si chimene chimalowa m'thumba. Malipiro otsikitsitsa amaikidwa payokhapayokha m'zigawo 47 za dzikolo, ndipo mu 2023 anapitirira pang'ono mayeni 1,000 pa ola pa avareji ya dziko lonse. Pa malipirowo amadulapo inshuwaransi ndi msonkho, ndipo m'chaka chachiwiri umayamba msonkho wina wa m'dera, wa magawo pafupifupi 10 pa 100 aliwonse a zimene munthu anapeza chaka chathacho, umene umadzidzimutsa alendo ambiri chifukwa m'chaka choyamba sanauone. Wofuna nyumba ya lendi nthawi zambiri amafunika kupereka chikole, ndalama ina yothokozera mwini nyumba imene siibwezedwa, ndi munthu kapena kampani yomuimira ngati atalephera kulipira. Ndalama ya yeni nayonso inafooka kwambiri mu 2024, kufika pa mayeni 160 pa dola imodzi ya ku America, zimene zinachepetsa mphamvu ya ndalama zimene alendo amatumiza kwawo.

Nanga zimenezi zimagwiranso kwa amene walembedwa ndi kampani ya ku Japan ku Mzuzu?

Ayi, sizigwira, chifukwa wantchito amatetezedwa ndi malamulo a dziko limene akugwirako ntchito, osati a dziko la eni kampani. Mmalawi wogwira ntchito ku Mzuzu ali pansi pa lamulo la ntchito la Malawi la mu 2000, limene limaika maola 48 pa sabata, tchuthi cha masiku 15 pa chaka kwa wogwira masiku 5 pa sabata ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6, komanso masabata 8 a tchuthi cha uchembere cholipidwa mokwanira kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Pa penshoni, imene inayamba kukhala yokakamiza mu 2011, wolemba ntchito amasonkha magawo 10 pa 100 aliwonse ndipo wantchito amasonkha 5, pamene madandaulo a kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo amapita ku khoti la za ntchito, limene lilinso ndi nthambi ku Mzuzu.

Poyerekeza malamulo a maiko awiriwa pamaoneka chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Pa ovataimu, lamulo la Malawi limafuna kuti ola lililonse lowonjezera lilipidwe ndi theka pamwamba, ndipo kawiri ngati ndi pa tsiku lopuma kapena la holide, pamene la Japan limayambira pa magawo 25 okha pa 100 aliwonse, n'kufika pa theka pokhapokha maola owonjezera akapitirira 60 pa mwezi. Masiku a tchuthi a chaka choyamba nawonso ndi ambiri ku Malawi kuposa ku Japan. Izi zikusonyeza kuti chimene chimasiyanitsa kampani yabwino ndi yoipa m'dziko muno si kuchepa kwa malamulo ayi, koma ngati akutsatidwa: ngati malipiro akubwera pa tsiku lake, ngati ndalama za penshoni zimene zadulidwa zikufikadi kumene ziyenera kupita, ngati nsapato, zipewa ndi magolovesi zikuperekedwa. Makampani aakulu a maiko ambiri amawunikidwa kawirikawiri ndi malikulu awo pa zinthu zimenezi, ndipo phindu lawo kwa wantchito lili pamenepo. Zina monga inshuwaransi ya chipatala, galimoto yonyamula antchito kapena bonasi zimadalira zimene zalembedwa mu mgwirizano, ndipo mbiri yabwino ya dziko la Japan singalowe m'malo mwa pepala losainidwa.

Kodi kaizen ndi 5S, zimene zimatchulidwa kawirikawiri, n'chiyani?

Kaizen ndi kachitidwe kokonza ntchito pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kotsogozedwa ndi anthu amene akugwira ntchitoyo ndi manja awo, m'malo modikira kuti abwana agule makina atsopano kapena aitane akatswiri ochokera kunja. Kanakula m'mafakitale a Japan nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene chuma ndi zipangizo zinali zochepa, ndipo kamadziwika kwambiri kudzera mu dongosolo limene Taiichi Ohno anakhazikitsa ku Toyota, limene cholinga chake chinali kuchotsa chilichonse chotayitsa nthawi, mphamvu kapena katundu popanda kuonjezera phindu kwa wogula. M'dongosololi wantchito wamba ali ndi mphamvu yokoka chingwe chochenjeza akaona cholakwika, ngakhale zitachititsa kuti mzere wonse wopanga magalimoto uime, chifukwa kukonza vuto pomwe layambira n'kotchipa kusiyana ndi kulikonza galimoto itafika kwa mwini wake.

5S ndi masitepe asanu amene kaizen imayambirapo, ndipo dzinali limachokera ku mawu asanu a Chijapani oyamba ndi chilembo chimenechi. Seiri ndi kupatula zofunika ndi zosafunika n'kuchotsa zosafunikazo. Seiton ndi kupatsa chida chilichonse malo ake olembedwa, kuti sipanala ikasowa aliyense aone nthawi yomweyo. Seiso ndi kuyeretsa malo ndi makina, kumene kulinso njira yoyendera makinawo, pakuti mafuta odontha amaoneka pansi poyera. Seiketsu ndi kulemba njira yogwirira ntchito imene onse agwirizana. Ndipo shitsuke ndi kuzolowera kuchita zonsezi popanda kapitawo woyang'anira. Anthu ambiri a m'dziko muno anakumana ndi 5S osati m'fakitale koma m'zipatala za boma, kumene Unduna wa Zaumoyo mothandizidwa ndi JICA unaiyambitsa pofuna kuti mankhwala, mafayilo a odwala ndi zipangizo zizipezeka msanga. Achinyamata odzipereka a ku Japan, amene anayamba kubwera ku Malawi mu 1971 ndipo onse pamodzi apitirira 1,800, chiwerengero chimene palibe dziko lina lachiposa, anathandizanso kufalitsa makhalidwe amenewa m'masukulu ndi m'zipatala.

Pa zonse zimene kampani ya ku Japan ingapatse mmisiri wochokera ku Mzuzu Technical College kapena injiniya wachinyamata, ichi ndicho chokhalitsa, chifukwa malipiro amatha ndi mwezi wake pamene chizolowezi chofufuza gwero la vuto, choyeza asanaganize ndiponso cholemba zimene wapeza chimapita ndi munthuyo kulikonse, ngakhale atatsegula galaja yakeyake. Koma n'zoona kuti 5S imafa msanga pamene yasanduka ntchito yopenta mizere pansi ndi kumata zilembo alendo akamabwera, ndipo imafa msanga koposa pamene abwana amafuna kuti antchito apereke maganizo koma safuna kumva kuti vuto lili pa iwo.

Kodi n'zoona kuti makampaniwa amachedwa kupanga chiganizo, ndipo wantchito amafotokoza chilichonse kwa bwana?

N'zoona, ndipo zinthu ziwirizi zimachokera pa muzu umodzi, womwe ndi maganizo akuti ntchito ndi ya gulu osati ya munthu mmodzi. Wongoyamba kumene amaphunzitsidwa horenso, chidule cha mawu atatu otanthauza kupereka lipoti kwa wamkulu, kudziwitsa anzake okhudzidwa, ndi kufunsa nzeru asanachite chinthu chachilendo. Mlendo amene anazolowera kupatsidwa ntchito n'kudzaonekera ikatha akhoza kuganiza kuti sakukhulupiriridwa, pamene kwa anzakewo kukhala chete ndiko chizindikiro cha munthu wosadalirika. Chovuta kwambiri kwa Mmalawi ndi lamulo lakuti nkhani yoipa ifike msanga kuposa yabwino, pakuti ulemu umene ana amaleredwa nawo m'dziko muno umachititsa kuti wamng'ono aope kukhumudwitsa wamkulu, ayankhe kuti zonse zili bwino, n'kumayesa kukonza vutolo mwakachetechete. Mu kampani ya ku Japan kulakwitsa kumakhululukidwa mosavuta kusiyana ndi kubisa cholakwacho, ndipo amene wanena m'mawa kuti katundu achedwa amalemekezedwa kuposa amene wadikira mpaka tsiku lolonjezedwa litakwana.

Pa zopanga chiganizo pali nemawashi, kutanthauza kuyendera mmodzimmodzi anthu onse okhudzidwa ndi nkhani, kumva nkhawa zawo ndi kusintha ganizolo msonkhano usanachitike, monga momwe mfumu ndi nduna zake amayambira kumvana paseri nkhani isanafike pabwalo. Kenako pamabwera ringi, pepala lofotokoza ganizolo limene limayenda kuchokera pansi kupita pamwamba, aliyense waudindo akudindapo chidindo chake. Njirayi imatenga masabata, ndipo mlendo amene wabweretsa ganizo latsopano mwadzidzidzi pakati pa msonkhano amalandiridwa ndi chete kapena ndi yankho lakuti aliganizira, limene kawirikawiri limatanthauza kukana mwaulemu. Ubwino wake ndi wakuti chiganizo chikapangidwa palibenso wotsutsa, ndipo ntchito imayenda mofulumira. Kusunga nthawi ndi mbali ya ulemu womwewo: msonkhano wa 8 koloko umafuna kuti munthu akhale atakhala kale pampando nthawiyo isanakwane, ndipo mvula ya ku Mzuzu kapena kusowa kwa mafuta a galimoto zimamveka ngati chifukwa pokhapokha foni itaimbidwa nthawi isanapitirire.

Nanga za maola ochuluka ndi imfa zobwera chifukwa cha ntchito?

Iyi ndi mbali yowawa ya chikhalidwe chimenechi ndipo siyenera kuchepetsedwa. Karoshi ndi imfa yobwera chifukwa chogwira ntchito mopitirira muyeso, kaya mwa matenda a mtima, kuphulika kwa mitsempha ya m'mutu kapena kudzipha, ndipo boma la Japan limaona maola 80 owonjezera pa mwezi ngati malire amene ngozi imeneyi imayambira. Mu 2014 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lolimbana ndi vutoli, ndipo imfa ya mtsikana wina wogwira ntchito ku kampani yotsatsa malonda ya Dentsu mu 2015 inakwiyitsa dziko lonse n'kufulumizitsa kusintha kwa malamulo. Kuyambira mu Epulo 2019 m'makampani aakulu, ndi mu 2020 m'makampani aang'ono, ovataimu siyenera kupitirira maola 45 pa mwezi ndi 360 pa chaka, ndipo ngakhale pa nyengo yapadera siyenera kufika maola 100 pa mwezi kapena kupitirira 720 pa chaka. Kampani imakakamizidwanso kuonetsetsa kuti wantchito wapumadi masiku osachepera 5 a tchuthi chake, lamulo limene likuonetsa lokha kuti anthu ankaopa kupuma pamene anzawo akugwira ntchito.

Malamulo asintha msanga kuposa mitima, moti m'maofesi ena wamng'ono amachitabe manyazi kuweruka bwana asanaweruke, ndipo kumwa limodzi madzulo, kumene amakutcha nomikai, kumaonedwabe ngati mbali ya ntchito, ngakhale kuti achinyamata a ku Japan ambiri sakukufunanso. Mkhristu kapena Msilamu amene samwa mowa angathe kupita n'kumamwa tiyi popanda womunyoza, pakuti chofunika n'kupezekapo.

Kodi ndi pati pamene chikhalidwe cha Malawi chimawombana kwambiri ndi cha makampaniwa?

Ndi pa maliro ndi pa udindo wa munthu kwa abale ake. Ku Mzimba, ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay, maliro a amalume, a azakhali, a mlamu kapena a mnansi wa mu mpingo ndi nkhani imene munthu sangaithawe popanda kudzichotsera ulemu, ndipo wogwira ntchito mumzinda ndiye amayembekezeredwa kugula bokosi, kupeza galimoto ndi kugona kusiwa. Ku Japan tchuthi cha maliro sichili m'lamulo la boma koma m'malamulo a kampani iliyonse, ndipo chimakhala cha masiku owerengeka, ochuluka pang'ono pa mkazi, mwamuna, kholo kapena mwana, n'kumachepa ubale ukamatalikira. Bwana amene anakulira m'dongosolo lotere sangamvetse msanga kuti mchimwene wa bambo ndi bambo ndithu, ndiponso kuti mwana wa mchemwali amene akulipiriridwa fizi ndi mwana wa m'nyumba.

Palibe mbali imene ili yolakwa pamenepa, ndipo si bwino kuti Mmalawi achite manyazi ndi udindo umene umasunga ana amasiye ndi okalamba m'dziko limene inshuwaransi ya boma siifika kwa anthu ambiri. Chimene chimathandiza ndi kufotokoza zinthu zisanachitike: kuuza wamkulu za anthu amene wantchito akuwasamalira, kusunga masiku ena a tchuthi chifukwa cha zovuta zoterezi, ndi kusiya ntchito m'manja mwa mnzake momveka bwino asananyamuke. Kwa amene ali ku Japan nkhaniyi ndi yolemera koposa, chifukwa ulendo wofika kumudzi umafuna ndege ziwiri kapena zitatu ndi tsiku lina la pamsewu kuchokera ku Lilongwe, moti ambiri amalira maliro a makolo awo pa foni. Ameneyu ndi mtengo weniweni wa ntchito yakunja, ndipo mabanja a kumpoto, amene anatumiza amuna awo ku migodi ya ku Joni kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi TEBA, ena n'kusanduka matchona, amaudziwa bwino.

Kodi mlendo angakwere udindo?

Dongosolo lakale la makampani aakulu a ku Japan linali lolemba achinyamata onse pamodzi pa 1 Epulo atangomaliza sukulu, kuwaphunzitsa ntchito kwa zaka zambiri akusinthidwa m'madipatimenti osiyanasiyana, ndi kuwakweza malipiro malinga ndi zaka zimene atumikira, iwo n'kukhala pa kampani imodzi mpaka kupuma. Dongosololi likuchepa mphamvu, ndipo pafupifupi antchito anayi mwa khumi aliwonse tsopano ali pa ntchito za kontirakiti kapena za maola, zimene zilibe chitetezo chofanana. Komabe malamulo ndi makhoti a ku Japan amachititsa kuti kuchotsa wantchito wokhazikika kukhale kovuta, ndipo kumeneku ndi kupindula kwa mlendo amene wapeza ntchito yotere, pamene kuluza kwake n'kwakuti luso lake silimukweza msanga kuposa amene anamutsogolera kulowa.

Chipupa chachikulu ndi chilankhulo. Mayeso a Chijapani a JLPT ali ndi magawo asanu, kuyambira N5 wa oyamba kumene mpaka N1, ndipo makampani ambiri amafuna N2 pa ntchito za mu ofesi, chifukwa malipoti, misonkhano ndi nkhani za paseri zimene zimakonza chiganizo zonse zimayenda m'Chijapani, chimene chili ndi kalankhulidwe kapadera kaulemu kotchedwa keigo. Ntchito za makompyuta ndi za kafukufuku ndizo zimalola Chingerezi kwambiri. M'nthambi za ku Africa njira yokwerera ndi yotseguka kuposa ku likulu, popeza kampani imafuna oyang'anira odziwa msika, alimi ndi malamulo a dzikolo.

Kodi njira zovomerezeka zopitira ku Japan ndi ziti, ndipo wachinyamata angadziteteze bwanji kwa akathyali?

Kwa omaliza maphunziro ku Mzuzu University, ku University of Livingstonia kapena kwina, khomo lodziwika bwino ndi la sukulu. Boma la Japan limapereka thandizo la maphunziro la MEXT kudzera ku ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 2008, ndipo JICA imayendetsa ABE Initiative, imene nduna yaikulu Shinzo Abe inalengeza mu 2013 pa msonkhano wachisanu wa TICAD, wa Japan ndi maiko a mu Africa, ku Yokohama, yopatsa achinyamata a mu Africa digiri yachiwiri pamodzi ndi miyezi yophunzira ntchito m'makampani a ku Japan. Chilolezo cha ntchito za mainjiniya ndi akatswiri a mu ofesi chimafuna digiri yogwirizana ndi ntchitoyo kapena zaka zambiri za luso. Chilolezo cha antchito aluso lapadera, chimene chinayamba mu Epulo 2019 pa ntchito monga zaulimi, zomanga ndi zosamalira okalamba, chimafuna kukhoza mayeso a luso ndi a chilankhulo a mlingo wa N4, amene amalembedwa makamaka ku Japan ndi m'maiko a ku Asia.

Pali dongosolo lina la ophunzira ntchito, limene linayamba mu 1993, limene ladzudzulidwa kwambiri m'dzikomo ndi kunja chifukwa ophunzirawo saloledwa kusintha bwana ndipo ambiri amafika ali ndi ngongole zazikulu kwa owatumiza, moti mu 2023 oposa 9,000 anathawa pa malo awo a ntchito. Mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza kulithetsa ndi kuikapo latsopano, loyamba mu 2027, limene lidzalola kusintha kampani pakapita nthawi. Mphekesera nazonso ndi zoopsa: mu Ogasiti 2025 JICA italengeza ubale wa mizinda inayi ya ku Japan ndi maiko a Nigeria, Ghana, Tanzania ndi Mozambique, kunafala nkhani yabodza yakuti kudzakhala viza yapadera, ndipo mkangano umene unabuka unachititsa kuti ndondomekoyo ichotsedwe mu Seputembala chaka chomwecho.

Ntchito yeniyeni ili ndi zizindikiro zake. Kampani imene ikulemba munthu ndiyo imamupemphera kalata yomuyenereza ku nthambi yoona za olowa ndi otuluka ya ku Japan, ndipo viza imadindidwa ku ofesi ya kazembe kokha, osati ndi munthu wa pa WhatsApp amene akufuna ndalama zolembetsera. Lamulo limafuna kuti malipiro, maola, malo ndi mtundu wa ntchito ziperekedwe molembedwa, limaletsa mgwirizano woika chindapusa kwa wantchito amene wasiya ntchito, ndipo bwana alibe ufulu wosunga pasipoti ya wantchito wake.

Nanga ndalama za penshoni za amene wabwerera kwawo zimatha bwanji?

Kuti munthu adzalandire penshoni ya ukalamba ya ku Japan ayenera kusonkha kwa zaka zosachepera 10, zimene alendo ambiri sakwanitsa. Amene wasonkha kwa miyezi 6 kapena kuposerapo n'kuchoka m'dzikomo ali ndi ufulu wopempha kuti abwezeredwe gawo la ndalamazo nthawi imodzi, ndipo kuyambira mu Epulo 2021 zimawerengedwa mpaka pa zaka 5 zosonkha, pamene kale zinkalekezera pa zitatu. Pempholi limatumizidwa ku Japan Pension Service pasanathe zaka ziwiri chichokereni, pamodzi ndi nambala ya penshoni, kope la pasipoti ndi umboni wa akaunti ya kubanki ya dzina la mwini wake, ndipo msonkho wa magawo pafupifupi 20 pa 100 aliwonse umene umadulidwa pa ndalamazi ungabwezedwenso ngati wantchitoyo anasankha munthu wokhala ku Japan womuimira pa za msonkho.